Mfuti Imene Bambo Anasema

Linali Lamlungu masana, ndipo ine ndinkasita malaya oyera a bambo pakhonde. Ndinali nditamaliza msana ndi mkono umodzi. Simbi yake inali ya makala, ija yolavula phulusa ukangotayirira. Amayi anali m'nyumba, akugoneka mlongo wanga Kondwani, amene anali asanayambe kuyenda. Bambo anali atavula nsapato za ku tchalitchi, atakhala pa kampando ndi vesiti yokha.

Phokoso linayambira kumunsi, cha ku bwalo la mpira. Poyamba ndinaliyesa la mpira. Koma anthu oonera mpira akakuwa amapumira, ndipo awa sankapuma. Kenako ndinaona utsi wakuda kumapeto kwa mzere wa nyumba zathu, pamene panali nyumba ya telala.

Tinkakhala ku Kamitondo, ku Kitwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ufulu unali pafupi, aliyense ankadziwa, koma zipani ziwiri zinkalimbirana kuti adzaulandire ndani. Inu amene munabadwa mbendera itakwera kale mumauzidwa za nyimbo ndi magule a masiku amenewo. Za mabotolo a petulo oponyedwa pazenera anthu ali m'kati simuuzidwa kawirikawiri.

Kuti mumve chifukwa chimene anthuwo ankabwerera kwathu, ndiyambe ndi ntchito ya bambo.

Bambo anga, a Yotamu, anali ochokera ku Nyasalande, cha ku Ntcheu. Anabwera ku migodi ali mnyamata. Anagwirapo ukalaliki, kenako anapeza ntchito imene anaikonda kuposa chakudya, yoyendetsa makina a bayisikopo pa holo ya m'komboni. Ankavala malaya oyera tsiku lililonse la filimu, ngakhale ankakhala m'kachipinda kamdima momwe palibe ankawaona. Anansi athu, ambiri Abemba, ankawaitana Bashi Lute, ndiye kuti atate a Lute, ndipo amayi anga ankawatcha Bana Lute, amake Lute. Lute ndine.

Chaka chimenecho kunabwera filimu ya nkhondo ya azungu. Inali ya asilikali ogwidwa, otsekeredwa mumpanda wa waya waminga, akukumba dzenje lothawira pansi pa nyumba yawo. Zimene ankalankhula palibe ankazimva. Chingelezi chake chinali chothamanga, ndipo anyamata a kutsogolo ankakuwa kuyambira poyamba mpaka pothera. Anthu ankabwerera mfuti basi. Panali yaifupi yolankhula msangamsanga, ina yaing'ono ya m'chiuno mwa mkulu wa alonda, ndi yaitali imene mlonda wa pa nsanja ankaigwira atatangadza miyendo. Mlondayo akakoka kachitsulo ka m'mbali mwa mfutiyo, holo yonse inkati zii.

Bambo anaikonda yaitaliyo. Anaganiza zosema yofanana nayo, kuti aziipachika pakhomo pa holo pamodzi ndi chikwangwani, anthu azikopeka. Filimu inkaduka kawirikawiri, ndipo polumikiza ankadulapo kachidutswa. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi kachidutswa kamene panali mlonda wa pa nsanja uja. Ankakaunika pazenera, diso limodzi atatsinzina, kenako n'kubwerera pa thabwa lawo la mlombwa. Mpope wake anadula ku paipi yakale ya madzi. Kachitsulo kokoka kaja anachotsa pa chitseko cha khola la nkhuku. Lamba anali wa buluku lawo lakale. Anaipaka polishi wa nsapato mpaka inayamba kunyezimira, ndipo Lamlungu lotsatira tonse tinapita ku tchalitchi ndi nsapato zotuwa.

Anali munthu wodzimva, bambo anga. Ndimawakonda mpaka lero, koma zimenezi sindibisa.

Tsiku limene anapita nayo ku holo ndinaliko, chifukwa ndinawapititsira tiyi. Anayamba kuionetsa kwa mlonda wa pa holopo, Bashi Chanda. Ameneyu anali Mbemba wa ku Kasama, wamtali, wosakonda kuseka. Anapitako ku nkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja, ndipo anabwerako ndi jasi lakale ndi khutu limodzi losamva. Pachifuwa ankavala kabaji ka chimodzi mwa zipani zija, ndipo anyamata a chipanicho ankamumvera. Anailandira mfutiyo, anaitembenuza uku ndi uku, anakoka kachitsulo kaja kamodzi, n'kuibweza. Sanaiyamikire ngakhale pang'ono. Bambo ankadikira kuyamikidwa, ndipo anadandaula za izi mlungu wonse.

Mzungu wa ku ofesi, woyang'anira holoyo, atangoiona anakana. Anati ino si nthawi yopachika mfuti pakhomo, ngakhale ya mtengo. Bambo anaikulunga m'saka n'kubwerera nayo kunyumba dzuwa likupendeka. Sakalo linali lalifupi, mpope unkaonekera. Anadutsa nayo pa mpopi wa madzi pamene panali amayi ambiri.

Mlungu usanathe, Kamitondo yense ankadziwa kuti Mnyasa wa bayisikopo ali ndi mfuti. Ankati yachokera ku Katanga, kumene kunali nkhondo, ndipo yadutsa malire m'thumba la makala. Kenako zinakhala mfuti ziwiri. Kenako bokosi lathunthu. A chipani ichi ankati akusungira a chipani icho, a chipani icho ankati akusungira a chipani ichi.

Amayi anati aitenthe. Bambo anakana, chifukwa anali ataona chinthu china. Anyamata oyendera makadi a chipani, amene ankagogoda khomo lililonse ndi zibonga, anayamba kulumpha khomo lathu.

"Amake Lute, kodi simukuona kuti sakugogodanso pano?" anatero bambo.

"Sakugogoda chifukwa akusonkhana," anayankha amayi.

Mfutiyo inakhalabe pansi pa bedi. Anansi ena anasiya kudzapempha mchere. Ena anayamba kutipatsa moni wautali kwambiri, maso ali pazenera. Amayi ankakumbukira aliyense amene wayang'ana pazeneralo, ndipo madzulo ankatchula mayina awo mmodzimmodzi. Ngakhale a ku tchalitchi kwathu, Anyasa anzathu, anayamba kusiya kampata pabenchi.

Ndiye Lamlungu lija anabwera. Anali ambiri, amuna ndi anyamata, ena ndi zikwanje, ena ndi miyala. Awiri anali ndi mabotolo otsekedwa ndi sanza. Ankaitanitsa mfutiyo, akukuwa m'Chibemba kuti, "Leta imfuti! Leta imfuti!" Ndinalowa m'nyumba chothamanga, simbi ndinaisiya pakhonde ikufuka.

Bambo anali atagwada kale, akukoka saka lija pansi pa bedi.

"Apatseni aione kuti ndi mtengo," anatero amayi.

"Akaona mtengo anena kuti yeniyeniyo tabisa. Atentha nyumba tili momwemo." Analankhula mosathamanga, ngati akufotokoza za makina awo. "Tulukirani kuseri. Pitani kwa a Simoni ku Bwana Mkubwa. Ndikupezani komweko."

A Simoni anali alongo awo a amayi, amalume anga. Ankaphwanya miyala kuseri kwa Ndola. Kuchokera ku Kamitondo ndi kutali, ndipo ife tinali tisanapiteko wapansi.

Bambo anatsegula chitseko chakumaso n'kuima pakhomo. Ndinawaona chakumbuyo. Anatangadza miyendo ngati mlonda wa pa nsanja uja, opanda nsapato, vesiti ili ndi kabowo paphewa. Anakoka kachitsulo ka khola la nkhuku kaja, kanalira kuti kwatya. Anthu onse aja anali ataionera filimuyo, ena kangapo. Anaima pomwepo, kunja kwa mpanda wa maluwa.

Pamenepo ndinamva mawu a Bashi Chanda ali pakati pawo. "Mwipalama! Iyo ni mfuti ya cine cine. Ine nalilwile inkondo, nalishiba." Ankawauza kuti asayandikire, kuti mfutiyo ndi yeniyeni, iye anamenyapo nkhondo ndipo akuidziwa.

Ndinamuda munthu ameneyo nthawi yomweyo. Anali ataigwira ndi manja ake mfutiyo, ine ndikuona. Ankadziwa kulemera kwake. Tsopano ankauza anthu olusa kuti zonse zimene ankanena za bambo n'zoona.

Amayi anabereka Kondwani, tinatulukira kuseri. Tinapyola mpanda n'kulowa m'kanjira ka zimbudzi, kodutsa anthu ochotsa ndowa za zonyansa. Tili m'kanjiramo ndi pamene ndinaona kuti malaya a bambo ali m'manja mwanga. Sindikumbukira kuti ndinawatola liti. Ndinawapinda n'kuwalowetsa m'deresi.

Potulukira kanjirako tinapeza Bashi Chanda ataima, akupuma mwawefuwefu. Anali atazungulira mzere wonse.

"Bana Lute, endeni. Bashi Lute e bantumine," anatero. Ankati bambo ndi amene amutuma.

"Akutumani liti?" anafunsa amayi.

Anatembenuzira kwa iwo khutu losamva lija n'kuyamba kuyenda. Khutu limenelo ndinaliona tsikulo kuti linali losankha.

Tinamutsatira chifukwa panalibe njira ina. Kumbuyo kunali anthu aja, ndipo misewu ikuluikulu inali ndi anyamata a makadi. Koma amayi sanamukhulupirire ngakhale pang'ono. Titayenda pang'ono anamasula Kondwani n'kundibereketsa ine, poti ndinali waliwiro. Anandinong'oneza kuti munthuyo akangokhotera ku bwalo la mpira, ndithawe ndi mwana osacheuka. Kenako anawerama ngati akuchotsa minga, anatola mwala n'kuumanga pangodya ya chitenje.

Sanakhotere ku bwalo la mpira. Anatidutsitsa m'madimba, kenako m'dambo louma. Koma ankachita chinthu chimene sichinandisangalatse. Tikamayandikira nyumba zina ankachotsa kabaji kake n'kukaika m'thumba. Tikadutsa ankakabwezera. Ndinkadzifunsa kuti munthu wovula ndi kuvala chipani chake chotere ndi wa ndani kwenikweni.

Panjira panali anthu ena othawa. Palibe amene ankapatsa mnzake moni. Mayi wina anali atasenza mutu wa makina osokera, wopanda thebulo lake. Anayenda pambali pathu kanthawi, kenako anafunsa kuti tikuchokera kuti. Amayi, amene m'mawa momwemo anaimba m'kwaya, anatchula komboni ina imene sitinakhaleko. Anayankha m'Chibemba, ndipo ananditsina kuti ndisatsegule pakamwa.

Mphepo inatembenuka n'kutibweretsera senta, utsi wa ku mgodi uja woyabwa kukhosi. Kondwani anayamba kutsokomola kumsana kwanga. Ndinamufunda ndi nsalu kumutu, iye n'kumaikoka.

Tikudutsa njanji ndi pamene tinamva mfuti. Inachokera kumbuyo, kumene tinachokera. Mfuti za mu filimu zimalira mokweza ndi motalika. Iyi inali yowuma, yaifupi, ngati thabwa lagwera pa simenti. Inalira, inapuma, inaliranso. Kenako kunali chete.

Bashi Chanda anaima pakati pa njanji, khutu lakumva lija atalozetsa kumbuyo.

"Ndi mfuti yanji imeneyo?" anafunsa amayi.

"Endeni, mayo," anatero.

Ine ndinkangoganiza chinthu chimodzi, chakuti mlombwa suwomba. Ndinaonanso kuti kuyambira pamenepo munthu uja anasiya kutifulumizitsa. Ankayenda pang'onopang'ono, maso pansi.

Kuseri kwa mulu wakuda wa zotayidwa za ku mgodi kunaima lole ya makala. Dalaivala wake anali wachikulire, wa chipsera pachibwano. Bashi Chanda anamukokera pambali. Analankhula motsitsa mawu, ndipo dalaivalayo ankatisuzumira mobwerezabwereza, makamaka ine. Amayi anagwira ngodya ya chitenje ija. Ine ndinayang'ana tchire, kuyeza kuti ndingathamange mpaka pati ndi mwana kumsana.

Anatikweza pamwamba pa matumba. Anali matumba a makala, omwe aja ankati amabisamo mfuti za ku Katanga. Ndinakhala pa thumba limodzi ndikumva chinthu cholimba chikundibaya pa ntchafu, ndipo ulendo wonse sindinafune kudziwa ngati anali makala okhaokha.

Tinadutsa kumene kuli komboni ya Ndeke masiku ano. Nthawi imeneyo kunali tchire ndi zulu zazikulu. Tikuyandikira mlatho wa Kafue, Bashi Chanda, amene anakhala nafe pamwambapo, anauza amayi kuti amange chitenje china m'chiuno molimba, atsitse duku mpaka pamaso, ndipo ayambe kulira. Amayi anamuyang'ana osaphethira. Anamanga chitenjecho, koma sanalire.

Pa mlatho anali atatchinga msewu ndi migolo. Anali anyamata okhaokha, ena amsinkhu wanga. Awiri anakwera n'kuyamba kubaya matumba ndi mitengo yachitsulo. Wamkulu wawo anafunsa, "Muleya kwi?"

"Ku cililo, mukwai, ku Ndola," anayankha Bashi Chanda, kabaji kali pachifuwa. Anati tikupita ku maliro.

Kwathu kuno, ngakhale woledzera amapatukira anthu a maliro. Sawafunsa zambiri, sawayang'anitsitsa kumaso. Wamkulu uja anabwerera m'mbuyo pang'ono. Koma mmodzi mwa obaya matumba aja anaima pafupi nane. Ndinkamudziwa. Anali mmodzi mwa anyamata okhala kutsogolo pa holo, ochita kuloweza filimu yonse ndi kuwombera pamodzi ndi alonda ndi zala zawo. Nayenso anandidziwa, poti ankandiona ndi tiyi wa bambo. Anatsegula pakamwa.

Pamenepo amayi analira. Sikunali kulira kouzidwa ayi. Kunachokera m'mimba, ndipo anatchula dzina la bambo la kumudzi, limene ngakhale ine ndinali ndisanalimvepo. Kondwani anadzidzimuka n'kuyamba kulira nawo. Mnyamata uja anatseka pakamwa, anayang'ana kumbali, n'kudumphira pansi. Anagubuduza mgolo umodzi, lole inadutsa.

Titapita patali, amayi anapukuta kumaso ndi duku. Anatembenukira kwa Bashi Chanda.

"Maliro mwatchulawo ndi a ndani?"

"Ni nshila fye, mayo. Ya kupitila chabe." Ankati inali njira yongodutsira.

"Mukanatha kunena kuti tikupita ku ukwati."

Bashi Chanda anangoyang'ana msewu umene tinasiya kumbuyo mpaka tinalowa mu Ndola.

Tinafika ku Bwana Mkubwa dzuwa likulowa. Chilichonse kumeneko chinali ndi fumbi loyera, masamba, madenga, ngakhale nkhuku. Amalume anatuluka atagwira kasupuni, ataona mlongo wawo wakuda ndi makala, chitenje chili m'chiuno ngati wa pa maliro, kasupuni kaja kanagwa. Amayi analowa m'nyumba osamuuza Bashi Chanda kuti zikomo. Amalume ndi amene anamupatsa madzi. Anamwa ataimirira, n'kubwerera ndi lole yomweyo.

Usiku umenewo amayi anamasula ngodya ya chitenje, mwala uja unagwera pansi. Anaukankhira pansi pa mphasa.

Masiku otsatira ndinkakhala m'mbali mwa msewu, Kondwani ali pamiyendo. Lole iliyonse yochokera ku Kitwe ndinkaiyang'ana pamwamba, kufuna munthu wa vesiti. Amalume anatiletsa kuuza anansi awo kumene tachokera. Anati kuno nakonso kuli makutu. Mkazi wa nyumba yoyandikana nayo anatibweretsera ndiwo zamasamba kawiri, ndipo kawiri konse amayi anadikira kuti achoke, n'kuzitaya kuseri.

Amayi ndi amalume ankati bambo mwina abisala kwa a mpingo. Ankati mwina agwidwa, ndipo ogwidwa amatuluka. Ine ndinkawaganizira ali mumpanda wa waya waminga ngati mu filimu muja, akukumba. Zinali zachibwana, koma zinkandigonetsa tulo.

Amene anabwera anali Bashi Chanda, m'mawa wina, pa njinga yobwereka. Anavala jasi lake lija ngakhale kunkatentha. Kabaji kunalibe. Sanagogode. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anavula chipewa, anakhala pansi pafumbi patali ndi khomo, n'kupempha kuti aitane mwamuna wa pakhomopo. Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo la kukhala kotero.

Amalume anapita kukakhala naye. Amayi sanadikire kuti auzidwe monga mwa mwambo. Anatuluka n'kukaima patsogolo pake, ine ndili pambuyo pawo.

Anafotokoza zimene anamva atabwerera. Anthu aja anakhala kunja kwa mpanda nthawi yaitali. Palibe amene anaponya botolo, palibe amene anadutsa maluwa aja. Bambo anaimabe pakhomo. Koma mbiri inali itathamanga kale yakuti ku Kamitondo kuli munthu waima ndi mfuti ya ku Katanga, ndipo msilikali wakale watsimikiza kuti ndi yeniyeni. Kenako kunabwera galimoto ya anthu a mfuti zenizeni. Ena ankati anali a yunifolomu, ena ankati ayi. Anakuwa kuti aitaye. Ena ankati bambo ankaitsitsa. Ena ankati ankaikweza kuti aione bwino kuti ndi mtengo. Mfuti inalira kawiri, bambo anagwa. Anthu onse anabalalika, ndipo nyumba sinatenthedwe.

Amayi sanalire. Anali atalira kale pa mlatho.

"Munkadziwa kuti ndi mtengo," anatero.

Tsikulo anayankha m'Chinyanja chake chopunduka, koyamba chimudziwireni. "Ee mukwai. Nenze ninaziba tsiku loyamba. Kansimbi kokoka kaja anakaika kumanzere. Pa mfuti ya zoona kamankala kumanja."

"Nanga munanamiranji?"

"Sembe ninakamba kuti ni mtengo, sembe munapya monse mukati. Na mwana."

"Ndiye munati ndi yeniyeni, n'kubwera owombawo."

"Ee mukwai," anatero, akuyang'ana chipewa chake.

Kenako anauza amalume chimene anabwerera. Thupi linali kuchipatala, ndipo akuluakulu a mpingo anali okonzeka kuika maliro. Koma m'nyumba mwathu anthu anali atalowamo pambuyo pake n'kutenga zovala zonse. Bambo anali akadali ndi vesiti ija. Ankafunsa ngati pali choti awaveke.

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa malaya aja. Anali ndi makala pakolala ndi thukuta langa. Ndinawachapa, ndinawayanika padzuwa la ku Bwana Mkubwa ndikuwatchinga ku fumbi. Ndinabwereka simbi kwa mkazi uja wa ndiwo zamasamba, ndipo anandipatsa pamodzi ndi makala ake oyaka kale. Ndinasita msana, ndinasita mkono woyamba, kenako wachiwiri uja. Bashi Chanda anadikira pansi pamtengo nthawi yonseyo.

Amayi sanafune kuti malayawo adutse m'manja mwake. Anawapereka kwa amalume, ndipo amalume ndi amene anapita nawo ku Kitwe pamodzi ndi Bashi Chanda. Ife anatiletsa, anati sikunazizire. Manda a bambo ndinawaona patapita zaka.

Tinakhazikika ku Ndola. Ufulu unabwera, anthu anavina m'misewu, ndipo zipani zija zinasiya kutentherana nyumba. Mkuwa unakwera mtengo, anthu anayamba kugula mawailesi ndi njinga zamoto. Amayi ankagulitsa tomato pamsika. Mpaka imfa yawo sanatchulenso dzina la Bashi Chanda. Ankangoti "munthu uja". Ankakhulupirira kuti ndi iye amene anayambitsa mbiri ya ku Katanga, ndipo anatiperekeza chifukwa chikumbumtima chinkamudya. Ngati bambo anamutumadi, kapena anangodzituma yekha, palibe amene angatiuze. Ine ndayesa kumuda monga ndinamudera tsiku lija, ndayesanso kumuthokoza, ndipo zonse ziwiri zimandikanika.

Nditakwatiwa kale, filimu ija inabweranso pa holo ina ku Ndola. Ndinaizindikira pa chikwangwani, waya waminga ndi nsanja. Ndinapita ndekha masana, osauza mwamuna wanga. Inali itakalamba, yodzaza ndi mizere. Anyamata a kutsogolo ankakuwa chimodzimodzi.

Mlonda uja anakwera pa nsanja yake. Anatangadza miyendo. Anakoka kachitsulo kaja ndi dzanja lamanja, mbali ya kumanja kwa mfuti. Apo ndi pamene ndinamvetsa kuti bambo ankaunika kachidutswa kawo pazenera atakatembenuza. Chithunzi chinadumpha pang'ono pamalo omwewo, ngati wina anadulapo. Mwina inali filimu yomwe ija, mwina inali ina. Sindinadikire kuti ndione ngati akaidiwo anathawa.

Kondwani ndi gogo tsopano, amakhala ku Luanshya. Za tsikulo sakumbukira kanthu, ndipo mafilimu a nkhondo amawakonda kwambiri. Sindimuletsa.

M'nyumba ija tinali anayi. Amayi, Kondwani ndi ine tinafika ku Bwana Mkubwa. Bambo anatsala pakhomo, opanda nsapato, atagwira thabwa la mlombwa.